Kanyani kokwana m'dzanja limodzi: moyo wa pygmy marmoset m'nkhalango ya Amazon

Funso: "Mwana wanga wandionetsa chithunzi pa Facebook cha kanyani kakang'onong'ono katakumbatira chala cha munthu. Akuti dzina lake ndi pygmy marmoset. Kodi nyama imeneyi ilikodi, kapena ndi zopanga pa kompyuta? Ngati iliko, imakhala kuti, imadya chiyani, nanga munthu angathe kuiweta pakhomo? Mwanayo sakundipatsa mpata, akuti timugulire."

Yankho:

Bambo, kanyaniko kalikodi, si nkhambakamwa. Kungoti zithunzi zambiri zimene zimazungulira pa intaneti zimanamiza pang'ono. Kamene mumakaona katakumbatira chala ndi kakhanda ka masiku kapena masabata ochepa, kamene kanayenera kukhala kali pamsana pa makolo ake. Kakakulu sikakwana pa chala, ngakhale kuti m'dzanja limodzi kamakwana bwinobwino. Kuchokera kumutu kufika pamene payambira mchira ndi kotalika masentimita 12 mpaka 15, ndipo mchirawo ndi wautali kuposa thupi, masentimita 17 mpaka 23. Kulemera kwake kumangopitirira pang'ono magalamu 100, moti kolemera magalamu 140 ndiye kuti ndi kojintcha. Pa anyani onse a padziko lapansi palibe wochepa kuposa apa. Ku Madagascar kuli achibale ake a patali otchedwa mouse lemur, ena olemera magalamu 30 okha, koma amenewo asayansi sawaika m'gulu la anyani enieni.

Kwawo ndi kumadzulo kwa chigwa cha mtsinje wa Amazon ku South America, m'mayiko a Brazil, Peru, Ecuador, Colombia ndi kumpoto kwa Bolivia. M'nkhalangomo sitipezeka paliponse. Timakonda m'mphepete mwa mitsinje, m'malo amene madzi amasefukira chaka ndi chaka n'kumiza matsinde a mitengo kwa miyezi ingapo, kumene tchire ndi lowirira ndipo zomera zoyanga zalukanalukana. Pamwamba penipeni pa mitengo ikuluikulu sitifikapo kawirikawiri. Ubweya wake ndi wosakanikirana, wagolide, wotuwa ndi wakuda, kotero kuti kakaima chete pa thunthu mukhoza kukadutsa osakaona. Kumutu kuli ubweya wambiri wophimba makutu, wooneka ngati manyenje a mkango, n'chifukwa chake anthu a ku Ecuador amakatchula kuti leoncillo ndipo a ku Peru amati leoncito, kutanthauza kamkango. Mchira wake ndi wongothandiza kuti kasagwe podumpha. Sikaugwiritsa ntchito pogwira nthambi monga amachitira anyani ena a kumeneko.

Tsono funso lanu la chakudya ndi pamene pagona nkhani yonse. Mukamvetsa chimene kanyanika kamadya, mumvetsanso mano ake, zikhadabo zake, kuchepa kwa malo amene kamakhala, ngakhalenso chifukwa chimene anthu ogwira nyama savutikira kukapeza. Chakudya chake chachikulu ndi utomoni wa mitengo, ndipo sikadikira kuti utomoniwo utuluke wokha. Kamaboola mtengo.

M'mawa kukangocha, banja lonse limachoka pamene linagona n'kulunjika pa mtengo wake wodyera. Kanyani kamakakamira pa thunthu, mutu uli m'mwamba, nthawi zina chadodolido. Kamayasamula kukamwa kwambiri n'kuzika mano akutsogolo a m'mwamba m'khungwa kuti akhale pogwirira. Kenaka kamakokera mano a m'munsi chokweza, kusema khungwalo pang'onopang'ono, tizibenthu take kakulavula. Pakatha kanthawi pamatsala kabowo ka sentimita imodzi kapena iwiri, kosazama kwenikweni. Pa nthawi imeneyo sikapezapo chakudya chilichonse. Mtengo ukavulazidwa umatulutsa utomoni woti utseke bala lakelo, koma umatero mwapang'onopang'ono, kwa maola ambiri. Choncho kanyani kamasema lero kuti kadye mawa. Kakabwerera kamapeza madontho atasonkhana pakamwa pa bowo, ena akadali amadzimadzi, ena atayamba kuuma. Kamanyambita, kamapala ndi mano, ndipo kakamaliza kamatsegulanso balalo kuti lisapole, n'kupita pa bowo lina. Mtengo umene banja ladyapo kwa miyezi umakhala ndi mabowo mazanamazana kuyambira chakumunsi mpaka m'nthambi. Ofufuza akamasaka tianyaniti m'nkhalango sayamba n'kuyang'ana nyama. Amayamba ayang'ana thunthu lobookabooka, ndipo akalipeza amadziwa kuti eniake ali pafupi.

Si mtengo uliwonse umene timaudya. Pakati pa mitengo imene imatchulidwa kawirikawiri pali ya mitundu ya Parkia, Inga ndi Vochysia, mtengo wa Spondias mombin, komanso chomera choyanga cha mtundu wa Entada. Banja lililonse limakhala ndi mtengo umodzi kapena iwiri imene limaidalira kwambiri, ina n'kumangoiyendera mwa apo ndi apo. Zambiri zimene timadziwa pa nkhani imeneyi zinayambira kwa Pekka Soini, katswiri wa ku Finland amene anakhala zaka zambiri m'nkhalango za kumpoto chakum'mawa kwa Peru akulondola mabanja a tianyaniti, n'kusindikiza zimene anapeza mu 1982.

Kusema khungwa tsiku ndi tsiku kungathe mano a nyama ina iliyonse, koma a kanyanika anapangika moyenerera ntchitoyo. Mano akutsogolo a m'munsi ndi aatali, opendekera kunja. Mbali yake yoyang'ana kunja ili ndi chophimba cholimba chotchedwa enamel, pamene mbali yoyang'ana lilime ili nacho chochepa kwambiri. Mbali yofewayo imaperepeseka msanga, ndiye nsonga ya dzino imakhala yakuthwa nthawi zonse. Dzino limadzinola lokha likamagwira ntchito, monga zimachitikira kwa makoswe. Mano osongoka a m'mbali, amene kwa anyani ambiri amakhala aatali, kwa aka ndi ofanana msinkhu ndi akutsogolo aja, kuti onse azisema pamzere umodzi.

Kuti kathe kuima pa thunthu lalikulu losalala, lopanda nthambi yogwira, kali ndi zikhadabo zokhota zakuthwa pa zala zonse, kupatula chala chachikulu cha kuphazi chimene chili ndi chikhadabo chophwatalala ngati chathu. Anyani ambiri amagwira nthambi pofumbata. Aka kamabaya zikhadabo m'khungwa n'kumayenda chokwera ndi chotsika ngati gologolo. M'mimba namonso muli zake. Utomoni ndi chakudya chovuta kugaya, chifukwa shuga wake ndi womangana mwa njira imene madzi ogaya chakudya a m'mimba sangathe kumumasula. Pamene matumbo ang'onoang'ono akumana ndi aakulu pali kathumba kamene kwa kanyanika ndi kakakulu poyerekeza ndi thupi lake. M'menemo muli mabakiteriya amene amawoletsa utomoni uja pang'onopang'ono mpaka thupi litapezamo mphamvu.

Mwina mungafunse kuti nyama ingasankhirenji chakudya chovuta chotere m'nkhalango yodzaza zipatso. Zipatso zili ndi nyengo yake, ndipo zikapsa pamabwera anyani aakulu, mbalame ndi mileme, zonse kulimbirana. Kanyama ka magalamu 100 sikangapikisane nazo. Utomoni umapezeka chaka chonse, pamalo amodzi, ndipo nyama zimene zingautulutse mwadala n'zochepa. Ku Asia kuli nyama zotchedwa slow loris zimene nazonso zimasema khungwa. Achanga a mu Africa amadya utomoni wa mitengo ya minga, koma iwo kwenikweni amapala umene watuluka kale pamene tizilombo taboola. Ine ndimaona kuti pa nyama zonse zodya utomoni, kanyani ka ku Amazon aka ndi kamene kanafika nayo patali ntchitoyi.

Utomoni wokha sukwanira, chifukwa mulibe zomanga thupi zokwanira. Ndiye dzuwa likakwera, tianyani timalowa m'zomera zoyanga kukasaka ziwala, akangaude, zikumbu ndi tizilombo tina. Kamanyang'ama mwakachetechete, n'kudumphira chiwala ndi manja onse awiri, n'kuyamba kudya mutu. Agulugufe amene amabwera kudzamwa utomoni pa mabowo aja nawonso amathera m'kamwa mwa mwini bowo. Zakudya ziwirizi zimathandizana bwino: tizilombo tili ndi zomanga thupi zambiri koma kashiamu wochepa, pamene utomoni wa mitengo yambiri uli ndi kashiamu. Zipatso ndi timadzi ta m'maluwa kamadyako pang'ono zikapezeka.

Palinso akuba. Anyani ena aang'ono otchedwa tamarin, amene ndi achibale ake apafupi koma okulirapo, alibe mano osemera khungwa. Akamadutsa amaima pa mtengo wa eniake n'kunyambita utomoni umene sanauvutikire, ndipo eniakewo, pokhala ochepa mphamvu, amangopatuka n'kudikira kuti alendowo apite.

Popeza chakudya chili pa mtengo umodzi, banja silifunikira malo aakulu. Kawirikawiri dera lake silifika hekitala imodzi, ndipo mabanja ambiri amakhala pa malo osakwana theka la hekitala. Anyani ena amayenda makilomita angapo pa tsiku kufunafuna mitengo ya zipatso, pamene awa amatha kukhala miyezi akuzungulira mitengo yochepa yomweyo. Mtengo ukatopa n'kuyamba kutulutsa utomoni wochepa, banja limasamukira pa wina. Malire a dera lawo amawasunga ndi fungo lochokera pachifuwa ndi kumaliseche, limene amapaka pa nthambi, komanso mkodzo. Banja lina likayandikira, kanyani kamatembenuka, n'kukweza mchira, kuonetsa mdaniyo kumbuyo, ubweya utaima. Kwa ife zimaseketsa, koma kwa iwo ndi chenjezo lamphamvu.

Anthu ambiri akaona kuchepa kwake ndi zikhadabo zakezo amaganiza kuti ndi nyama yachikalekale, yotsalira kumbuyo kwa anyani ena. Umboni umasonyeza zosiyana. Makolo ake akalekale anali okulirapo, ndipo mtunduwu unanka nuchepa m'kupita kwa zaka mamiliyoni. Chizindikiro chimodzi chili m'kamwa. Anyani ambiri a ku South America ali ndi mano 36, koma marmoset ndi tamarin ali ndi 32, chifukwa anataya dzino lomaliza la kuchibwano mbali iliyonse, nsagwada zitafupika. Zikhadabo zokhota zija nazonso zinachokera ku zikhadabo zophwatalala za makolo awo. Tikabwerera kumbuyo kwambiri, makolo a anyani onse a ku South America anachokera ku Africa zaka pafupifupi 35 mpaka 40 miliyoni zapitazo, ndipo asayansi ambiri amakhulupirira kuti anawoloka nyanja ya Atlantic, imene nthawiyo inali yopapatiza kuposa lero, atakwera pa milu ya mitengo yokokoloka ndi madzi.

Kuchepa kuli ndi mtengo wake. Pafupifupi chilichonse chodya nyama m'nkhalangomo chingathe kukadya: akabawi ndi mbalame zina zolusa, njoka zokwera m'mitengo, amphaka a m'tchire monga margay ndi ocelot, ndi nyama yotchedwa tayra. N'chifukwa chake kanyanika sikayenda mwachisawawa. Kamayenda pang'ono n'kuima zii, kenaka n'kuthamanga mwadzidzidzi, n'kuimanso. Kakaona choopsa kamazembera kuseri kwa thunthu n'kumasuzumira. Khosi lake limatha kutembenuza mutu mpaka kuyang'ana kumbuyo kwenikweni, moti kamatha kuona kabawi akubwera uku thupi likadali lokakamira pa khungwa. Zikafika povuta kamadumpha mtunda wofika mamita 5, womwe ndi woposa kutalika kwa thupi lake maulendo 30. Njoka ikapezeka, banja lonse nthawi zina limaizungulira n'kumaikuwiza mpaka itachoka. Usiku onse amagona pamodzi atapanikizana m'zomera zoyanga zowirira, chifukwa kathupi kakang'ono chotere kamataya kutentha msanga.

Tibwere ku banja, chifukwa apa ndi pamene pali yankho la funso lanu lomaliza. Gulu limakhala la tianyani tiwiri mpaka 9: kakakazi kamodzi kobereka, kakamuna kamodzi kapena nthawi zina tiwiri, ndi ana awo a misinkhu yosiyanasiyana. Bere limatenga miyezi inayi ndi theka, pafupifupi masiku 140, ndipo kawirikawiri pamabadwa mapasa. Mwana aliyense amabadwa wolemera pafupifupi magalamu 15. Muwerengere nokha: ana awiri ndi magalamu 30, make ali ndi magalamu 120. Zili ngati mayi wa makilogalamu 60 kubereka mapasa olemera makilogalamu 15 onse pamodzi. Ndiye pakangotha masabata atatu chiberekereni, kakakazi kamatha kutenganso bere kena kakuyamwitsabe, moti kamabereka kawiri pa chaka.

Palibe mayi angakwanitse zimenezi yekha. Ntchito yobereka ana kumbuyo imagwera bambo wake ndi akulu awo a anawo. Bambo amayenda nawo atawakakamiza pamsana, amawapereka kwa make nthawi yoyamwa, ndipo akakhuta amawatenganso. Ana okulirapo amalandizana nawo katunduyo, ndipo potero amaphunzira kulera. Kwa anyani a m'banja la marmoset zaoneka kuti amene sanalereko azing'ono awo amavutika kusamala ana awo oyamba. Makanda akakulako pang'ono, makolo amawasiya pa nthambi yobisika pafupi ndi mtengo wodyera, iwo n'kumagwira ntchito chapafupi pomwepo. Zimenezi zimatheka chifukwa cha kuchepa kwa dera kuja. Ana amaleka kuyamwa akakwanitsa pafupifupi miyezi itatu, koma asanathe kusema okha amadya pa mabowo a akuluakulu. Amakhwima akafika chaka chimodzi kapena chaka ndi theka, komabe ambiri amakhalabe pakhomo kwa kanthawi, osabereka, akuthandiza kulera mapasa otsatira, mpaka tsiku limene adzachoke kukafuna banja lawolawo.

Pa za mapasawa pali chinthu chimodzi chimene chimandidabwitsabe. Mapasa a marmoset sachokera ku dzira limodzi, ndi ana awiri osiyana. Koma akadali m'mimba, mitsempha ya nsengwa zawo imalumikizana, ndipo amapatsana maselo opanga magazi. Zotsatira zake n'zakuti kanyani kalikonse kobadwa mapasa kamakhala moyo wake wonse kali ndi magazi osakanikirana, ake ndi a mnzake amene kanabadwa naye. Kakakazi kamene kanabadwa ndi mlongo wake kamapezeka ndi maselo achimuna m'magazi, koma kamabereka bwinobwino. Kwa ng'ombe zikatere, thole lobadwa mapasa ndi mwana wamphongo nthawi zambiri limakhala losabereka. Wasayansi Kurt Benirschke ndi anzake ndi amene anafotokoza zimenezi kwa anyani a mtundu wa marmoset mu 1962.

Nyama yokhala m'tchire lowirira, imene imafunika kubisala koma osatayana ndi abale ake, imadalira mawu. Tianyaniti timalira mokweza kwambiri ngati timbalame, ndipo mbali ina ya kulira kwake imapitirira pamene khutu la munthu lingamve. Charles Snowdon wa pa yunivesite ya Wisconsin ku Madison, m'dziko la America, anathera zaka zambiri akumvetsera mawu amenewa, ndipo pambuyo pake anagwira ntchito ndi Stella de la Torre wa ku Ecuador, amene amawafufuza m'nkhalango momwemo. Anapeza kuti kulira koitanirana kulipo kwa mitundu itatu, ndipo kanyani kamasankha malinga ndi kutalika kwa pamene pali mnzake. Akakhala pafupi, osapitirira mamita 5, kamalira monjenjemera motsitsa, kulira kumene kumazimiririka msanga kotero kuti mdani ali patali sangamve. Mtunda ukafika mamita 6 mpaka 10 kamasintha n'kulira modukizadukiza, kosavuta kulondola kumene kukuchokera. Kupitirira apo kamaimba kulira kwakutali, kokhala ngati likhweru lobwerezabwereza.

Mu 1984 Snowdon ndi Jayne Cleveland anasonyeza kuti tianyani ta m'gulu limodzi timalira mopatsana mpata. Kamodzi kakalira kamadikira kuti anzake ayankhe kasanalirenso. Kafukufuku wina wa mu 1999 anapeza kuti kakamuna ndi kakakazi tikangoyamba kukhala limodzi, kaliridwe kawo kamayamba kufanana pakapita masabata ochepa. Mu 2009 De la Torre ndi Snowdon anafanizira magulu a m'madera asanu a kumpoto chakum'mawa kwa Ecuador n'kupeza kuti dera lililonse lili ndi kaliridwe kakekake.

Koma chimene chinatchuka kwambiri ndi cha makanda. Mu 1998 Margaret Elowson, Snowdon ndi Cristina Lazaro-Perea anafotokoza kuti ana a tianyaniti amatulutsa mndandanda wautali wa mawu, osapumira, akusakaniza kulira kwa mitundu yosiyanasiyana kumene akuluakulu amagwiritsa ntchito pa nthawi zosiyana. Kulira kochenjeza za mdani, kulira koitana, kulira koopseza, zonse zimatuluka motsatizana popanda chifukwa chake, zina zisanapsebe bwino. Asayansi anaziyerekeza ndi zimene khanda la munthu limachita likamayesa mawu lisanadziwe kulankhula. Anaonanso kuti mwana amene akuchita zimenezi ndi amene akuluakulu amamuyandikira kwambiri, kumunyamula ndi kumupesa ubweya. Ndiye kuti mwanayo amakula akumva ndi kuyankhidwa ndi a mtundu wake. Kakhanda kamene kachotsedwa kwa makolo kali ndi masiku ochepa kamataya zonsezi.

Ndiye kodi mungakawete pakhomo? Yankho langa ndi lakuti ayi, ndipo sindikukayika m'pang'ono pomwe. Yambani mwaganizira kumene kakhanda kogulitsidwako kachokera. Ngati kagwidwa m'nkhalango, ogwirawo sanavutike, chifukwa banja lodalira mtengo umodzi silisowa. Amatchera pa mtengo wodyera kapena kugwetsa umene banjalo limagonamo, ndipo tambiri timafera m'njira tisanafike kwa wogula. Ngati kabadwira kwa oweta ochita malonda, ndiye kuti kalandidwa kwa make kakadali koyamwa, n'cholinga choti kazolowere anthu. Mu 2016, chimene chinali chaka cha nyani pa kalendala ya ku China, nyuzipepala zinalemba kuti anthu olemera a m'dzikolo ankagula timakanda timeneti mozemba pa mtengo wa pafupifupi madola 4,500 a ku America kamodzi. Malonda a pakati pa mayiko a nyamayi amayendetsedwa ndi pangano la CITES, limene limafuna chilolezo cha boma la dziko limene nyamayo ikuchokera, ndipo dziko ngati Brazil linaletsa malonda a nyama zogwidwa m'tchire kuyambira mu 1967. Munthu wokutsatsani kanyani pa foni n'zokayikitsa kuti ali ndi mapepala oona.

Ngakhale mapepala atakhalapo, kusamala kwake n'kovuta. Malo osungira nyama amene amatiweta mwaukatswiri amatisunga m'mabanja, m'zipinda zofunda ndi zachinyontho. Amaboola zipika n'kuthiramo utomoni wa mitengo ya acacia kuti tizisema monga kwawo, amatipatsa tizilombo tamoyo, ndiponso amaika nyale zapadera zotulutsa kuwala kofanana ndi kwa dzuwa. Anyani a mtundu wa marmoset amafuna vitamini D3 wambiri kuposa nyama zina, ndipo akamusowa mafupa amafewa, amapindika n'kumathyoka okha. Akadyetsedwa zipatso zotsekemera ndi zakudya za anthu amatsegula m'mimba, amawonda, ubweya wa kumchira n'kusosoka, mpaka kufa. Choopsa china ndi kachilombo ka herpes simplex, kamene kamayambitsa tizilonda ta pamilomo ndipo anthu ambiri ali nako osadziwa. Kwa munthu ndi nkhani ya masiku ochepa, koma kwa marmoset kamalowa mu ubongo n'kupha. Kumupsompsona kamodzi kapena kumupatsa chakudya cholumako kale n'kokwanira. Onjezerani kuti kanyani kakakula kamaluma, ndi mano osemera mitengo aja, ndipo kamapaka mkodzo ndi fungo lake paliponse chifukwa ndi mmene kamalembera malire. Kosamalidwa bwino kamakhala zaka 12 kapena kuposerapo. Mwana wanu adzakhala atakula n'kuchoka pakhomo, inu mukadali nako.

Pomaliza ndikuuzeniko za dzina, chifukwa mukafufuza mupeza mabuku akutsutsana. Woyamba kukalemba m'mabuku a sayansi anali Johann Baptist von Spix wa ku Bavaria, m'dziko la Germany, amene anayenda mu Brazil kuyambira 1817 mpaka 1820 n'kukafotokoza mu 1823, kuchokera ku nyama ya kufupi ndi Tabatinga, kumalire a Brazil ndi Colombia ndi Peru. Mu 1940 Einar Lönnberg wa ku Sweden anafotokoza tina ta pamimba poyera, koma kwa zaka zambiri tonse tinkawerengedwa ngati mtundu umodzi, Cebuella pygmaea. Mu 2018 gulu lotsogoleredwa ndi Jean Boubli linayeza DNA n'kupeza kuti pali mizere iwiri imene inasiyana zaka zoposa 2 miliyoni zapitazo, ndipo kafukufuku wa mu 2021 anatsimikizira zimenezi. Lero Cebuella pygmaea ndi ta kumpoto kwa mitsinje ya Napo ndi Solimões, pamene ta kum'mwera kwake ndi Cebuella niveiventris. Mitsinje ikuluikulu ya ku Amazon ndi yotambalala kwambiri moti kwa nyama yosasambira imakhala malire osawolokeka, ndipo yagawa mitundu yambiri ya anyani ndi mbalame mwa njira yomweyi. Mtundu wa ubweya wa pamimba unapezeka kuti si wodalirika posiyanitsa mitundu iwiriyi, chifukwa umasinthasintha ngakhale m'dera limodzi.

Bungwe la padziko lonse loteteza zachilengedwe la IUCN, limene kale linkati nyamayi siili pachiopsezo, tsopano limaika mitundu yonse iwiri m'gulu la nyama zimene zikhoza kutha ngati zinthu sizisintha. Vuto lalikulu ndi malo amene timakonda. Ku Amazon mitsinje ndiyo misewu, ndipo anthu amamanga, kulima ndi kudula mitengo kuyambira m'mphepete mwa madzi, momwe muli mitengo ya utomoni ija. Kumpoto chakum'mawa kwa Ecuador kwawonjezekanso migodi ya mafuta ndi misewu yake. Tianyaniti timapirira ndithu m'nkhalango yophukanso ngakhale m'mbali mwa minda, bola mitengo yodyera itasiyidwa. Chimene sitipirira ndi kusowetsedwa mtendere. Mu 2000 De la Torre ndi anzake anafalitsa zimene anapeza m'nkhalango yotetezedwa ya Cuyabeno ku Ecuador, atayerekeza mabanja a m'malo ofikako alendo ambiri ndi a m'malo abata. Kumene kunkafika mabwato ndi anthu pafupipafupi, tianyani tinkasewera mochepa, tinkalira mochepa, ndipo tinasiya nthambi za m'munsi n'kumakhala m'mwamba. Kumene anthu anagwirako tina, mabanja otsalawo anachepa ndipo kubereka kwake kunatsika.